Nodal slide ndi lenzi ya zoom: kagulidwe ndi katcheredwe kake kuti panorama isamathyoke

Mwezi wa July chaka chatha ndinadzuka 4 koloko mbandakucha, kabaza mpaka pa siteji, kenako ulendo wa ku Senga Bay kuti ndikajambule panorama, chithunzi chotakata cholumikiza zithunzi zingapo, dzuwa likutuluka, mabwato a usipa akukocheza, chilumba cha Namalenje chili pakati. Ndinawomba zithunzi 9, ndikubwerera kunyumba mtima uli mmalo. Kuziika pa kompyuta kuti zilumikizane, eee, bwato limene linali pafupi nane linatuluka lothyoka pakati ngati laombedwa ndi mvuu, ndipo mtengo umodzi wa thandala loyanikapo usipa unasanduka iwiri. Koma chilumba chija ndi mzere wa nyanja kutaliko zinalumikizana bwinobwino popanda chilema. Pamenepo mpamene pali nkhani yonse, zakutali sizivuta, zimavuta ndi zapafupi.

Yesani izi pomwe mwakhalapo. Tambasulani dzanja, imikani chala chachikulu, tsinzinani diso limodzi, chalacho chiphimbe mtengo kapena polo ili patali. Ndiye tembenuzani mutu kumanja ndi kumanzere osasuntha dzanja. Muona chala chikuchoka pa mtengo paja. Chifukwa chake nchoti mutu ukuzungulira pakhosi pomwe diso lili kutsogolo kwa khosi, ndiye diso likuyenda. Azungu amati parallax. Kamera nayo chimodzimodzi, mukaimanga pa tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu chija, ndi kabowo kapansi kaja imazungulira pa thupi lake pomwe malo amene lenzi imaonera ali kutsogolo, mkati mwa magalasi. Malo amenewo dzina lake lenileni ndi entrance pupil, ena amati no-parallax point, ine ndimangoti kadiso ka lenzi. Anthu anazolowera kunena kuti nodal point ndipo chitsulocho chinatengera dzina pomwepo, ngakhale akatswiri a magalasi amati nodal point ndi chinthu china. Dzina lisakuvuteni. Nodal slide ndi kanjanji kachitsulo kokhala ndi manambala a mamilimita mmbali ndi kilampu kumapeto, ntchito yake imodzi basi, kubweza kamera mmbuyo kuti kadiso kaja kakhale pamwamba penipeni pa pozungulira pa tripod.

Tsono amene ali ndi lenzi yosazuma, monga 35mm kapena 50mm, zawo nzophweka, amapeza nambala imodzi nkuiwala. Ife a zoom ayi. Mukazuma magalasi amkati amayenda, kadiso nako kamasamuka, ndiye nambala ya pa 24mm si ya pa 50mm ndipo si ya pa 70mm. Komanso sikayenda mwadongosolo kuti munganene kuti pakati pa ziwirizi ndingogawa pawiri, malenzi ena kamabwerera mmbuyo kenako nkupitanso kutsogolo. Ichi ndi chimene anthu ambiri amaphonya, amatchera kamodzi pa 18mm kenako akazuma kufika 35mm nkumati chitsulo chija anandigulitsa chabodza.

Musanagule, yezani kaye

Tengani rula ya mwana wa sukulu. Zumani lenzi mpaka italike mapeto ake, yezani kuchokera pa kabowo ka sikuluwu pansi pa kamera kukafika pa galasi lakutsogolo. Pa malenzi a wide ndi apakati monga 18-55mm, 16-35mm, 24-70mm kapena 24-105mm kadiso kamakhala penapake pakati pa malo awiriwa, ndiye njanji yanu ikuyenera kukwanitsa kubweza kamera mtunda woyandikira umenewo. Mukafuna kudziwa bwinoko, ikani aperture (kabowo kolowera kuwala) pa f/16, dinani kabatani ka depth of field preview, kamene kamachepetsa kabowoko musanajambule, ngati kamera yanu ili nako, suzumirani lenzi chakutsogolo. Kabowo kakang'ono kamene mukaone mkatimo, pamene kakuoneka ngati kali, ndi pomwepo. Zumani mukuyang'anabe, mukaona kakuyenda kulowa mkati kapena kubwera kwa inu. Ine tsiku loyamba ndinakhala mphindi zambiri ndikungoseweretsa zimenezi mpaka mayi akunyumba anafunsa ngati kamera yalowa nyerere.

Njanji zimabwera zotalika mosiyana, zodziwika ndi 140mm, 150mm, 180mm ndi 200mm. Musathamangire yaitali poganiza kuti chachikulu ndiye chabwino. Pa lenzi ya wide kwambiri, nsonga ya njanji yaitali imalowa mchithunzi pansi, makamaka kamera mukaiimika choongoka. Yaifupi kwambiri nayo imathera panjira musanafike pa nambala yanu. Kwa kamera yaing'ono ndi 18-55mm ya 140mm kapena 150mm imakwana, kwa kamera yaikulu ndi 24-70mm f/2.8 ine ndingatenge 180mm. Ngati muli ndi malenzi awiri, wamfupi ndi wamtali, funani njanji imene kilampu yake imatha kusuntha pa njanjipo, ndiye pa lenzi yaifupi mumaikankhira kutsogolo nsonga osaoneka.

Chachiwiri ndi mtundu wa pomangira. Pafupifupi ma nodal slide onse ndi a kachitidwe ka Arca-Swiss, kaja kokhala ndi mmbali mosongoka, mulifupi pafupifupi 38mm. Ngati mutu wa tripod yanu ndi wa pleti ya Manfrotto RC2 kapena ma tripod apulasitiki aja okhala ndi chogwirira chachitali, njanjiyi siilowa, mufunika kilampu ya Arca yomangira pamwamba kapena mutu wina. Onani zimenezi musanatumize ndalama, chifukwa kuno ku Salima chinthu ichi simuchipeza pa shelefu, mwina mutuma munthu wochokera ku Johannesburg kapena muitanitsa pa intaneti nkudikira masabata, ndiye chibwere chosalowa, mulira. Mayina amene mukumane nawo ndi monga Really Right Stuff amene ndi odula zedi, Sunwayfoto, Leofoto, Nodal Ninja, ndi ena otchipa ngati Neewer. Kunena zoona njanji ndi chitsulo chabe, yotchipa imagwira ntchito bola manambala akhale ogoba osati openta ongofufutika, ikhale ndi kadontho ka levulo, ndiponso timasikuluwu totchinga kumapeto kuti kilampu ikamasuka kamera isatsetserekere mmadzi. Pa kilampu ine ndimakonda yopotokola ndi dzanja kuposa ya leva, chifukwa mapleti a makampani osiyana amasiyana pang'ono mulifupi ndipo yopotokola imagwira onse. Onaninso ngati kilampuyo imatembenuka madigiri 90, pleti ya pansi pa kamera imagona chopingasa pomwe phazi la lenzi yaitali ngati 70-200mm limaloza kutsogolo.

Pali zinthu zina ziwiri zimene popanda izo njanji yokha siikuthandizani. China ndi L-bracket, kachitsulo kooneka ngati L kamene kamakulolani kuimika kamera choongoka lenzi ili pakati pomwepo. Panorama yabwino timajambula kamera ili choimirira kuti tipeze thambo lokwanira ndi mchenga wokwanira, ndipo mukangogwetsera ball head, mutu wa tripod uja wokhala ndi mpira, chammbali kuti muimike kamera ndiye kuti lenzi yachoka pa pozungulira, zonse zawonongeka. Chinacho ndi pozungulira pamene pali pa levulo. Ma ball head ambiri amazungulira pansi pa mpira, ndiye ngati miyendo yapendekeka, kamera ikamazungulira nyanja imayamba kukwera phiri. Njira zake ndi kuika leveling base (kachitsulo koikira levulo) pansi pa mutu, kapena panning clamp (kilampu yozungulira) pamwamba pa mpira, kapena ngati ndalama palibe kulimbana ndi miyendo itatu ija mpaka kadontho ka pa tripod kakhale pakati. Njira yachitatuyi ndi yaulere koma pamchenga imatopetsa.

Kupeza manambala anu

Izi chitirani kunyumba masana mutadya, osati kunyanja dzuwa likutuluka.

Yambani ndi kuimika tripod pamalo olimba, pakhonde pa simenti ndi bho. Ikani levulo, mangani njanji, mangani kamera choimirira monga mmene muzikajambulira. Musanachite china chilichonse onani kuti lenzi ili pakati pa njanji, osati chakumanja kapena chakumanzere. Imani kutsogolo muyang'ane, pakati pa galasi pagwirizane ndi pakati pa njanji. Ma L-bracket ambiri ali ndi kamzere kosonyeza pakati ndipo kilampu nayo ili ndi kake, gwirizanitsani timizere timeneti. Mukalakwitsa apa, kaya musunthe njanji kangati, parallax siitha, ndipo mudzatukwana chitsulo chosalakwa.

Kenako pezani zinthu ziwiri zoongoka, china pafupi china patali. Ine ndimazika ndodo ya mopu mu ndowa ya mchenga mita imodzi kapena imodzi ndi theka kuchokera pa lenzi, chakutali ndimagwiritsa polo ya magetsi ya kumsewu, mamita 20 kapena kuposa. Nsungwi yowonda ndi yabwino kuposa ndodo yonenepa chifukwa kusuntha kwake kumaoneka msanga. Sunthani tripod kapena ndowa mpaka ndodo ndi polo zikhale pamzere umodzi pakati pa sikirini, ndodo ikungokhudza mmbali mwa polo.

Zumani pa nambala yoyamba, tinene 24mm, mzere wa pa lenzi ulunjike pa 24 penipeni. Ikani f/11 kapena f/16 kuti zonse ziwiri zioneke bwino, focus ikhale ya manual ndipo muiike cha patali monga mmene muzikajambulira kunyanja, chifukwa pa malenzi ena focus nayo imasunthako kadiso pang'ono. Yatsani live view kuti muzionera pa sikirini.

Tsopano tembenuzani kamera kumanja mpaka ndodo ndi polo zifike kumphepete kwa sikirini chakumanzere. Kulitsani chithunzi pa sikirini ka 5 kapena ka 10 muone. Kenako tembenuzani kumanzere zifike kumphepete kwina, muonenso. Apa gwirani bwino. Mukatembenuzira kamera kumanja ndodo yapafupi nkuthawira kumanzere kwa polo, kadiso kakadali kutsogolo kwa pozungulira, bwezani njanji mmbuyo. Mukatembenuzira kumanja ndodo nayo nkupita kumanja kwa polo, mwapitirira, kankhirani kutsogolo. Poyamba sunthani kwambiri, mamilimita 10 nthawi imodzi, mpaka muone kuti ndodo yasintha kothawira, apo ndiye mwadziwa kuti nambala yanu ili pakati pa ziwiri zomalizazo. Ndiye muzisuntha 2, kenako 1. Pomwe ndodo ndi polo zikhale zomatana kumanja, pakati ndi kumanzere osalekana, werengani nambala pa njanji pamene yakumana ndi kamzere ka pa kilampu ya tripod, lembani pompo. Musati ndikumbukira.

Mukatero zumani pa nambala yotsatira muyambirenso. Musadzivutitse ndi milimita iliyonse ya zoom, tengani zokhazo zimene zalembedwa pa lenzi, pa 24-70mm ndi 24, 28, 35, 50 ndi 70, pa 18-55mm ndi 18, 24, 35 ndi 55, ena alinso ndi 45. Ubwino wa manambala olembedwawo ndi woti kunja mutha kubwererapo ndendende. Ine pa zisanuzo ndimagwiritsa zitatu zokha, 24, 35 ndi 50, ndipo ndinadziletsa kujambula panorama pa 41 kapena 58 ngakhale chithunzi chikundinyengerera bwanji, ndimalolera kujambula motakata nkudzadula pa kompyuta. Pa 50 ndi 70 ndowa ija muisunthire patali pang'ono, mamita awiri kapena atatu, apo ayi ndodo imangooneka mbuu.

Manambala angawo sindikupatsani dala. Mukopera, pomwe L-bracket yanu ndi ina, kamera yanu kabowo kake kali pena, njanji yanu ziro wake akuyambira pena. Ngakhale manambala a pa intaneti a lenzi yofanana ndi yanu atengeni ngati poyambira chabe. Anuwo alembeni pa kapepala mumate ndi selotepi kuseri kwa chivindikiro cha lenzi, kopi ina mu foni. Mukasintha pleti kapena kamera, ntchito yonse ija muibwereze.

Za lenzi yaitali ngati 70-200mm kapena 55-250mm ndinene mwachidule. Pa malenzi ambiri otere mukazuma kwambiri kadiso kamabwerera mmbuyo, nthawi zina mpaka kufupi ndi thupi la kamera, moti njanji imayenera kupita kutsogolo mmalo mobwerera. Koma nthawi zambiri pa 200mm mukujambula mapiri a tsidya kapena zilumba za Maleri popanda chinthu pafupi, ndiye parallax siioneka nkomwe, ine njanji ndimaisiya mchikwama.

Kunyanja tsopano

Fikani kusanache. Kanikizani miyendo ya tripod ilowe mumchenga mpaka isiye kumira, mukatero mpomwe muike levulo, osati musanakanikize. Kamera ikabwerera mmbuyo pa njanji kulemera kumapita mbali imodzi ndiye mangitsani mpira zolimba, ndipo miyezi ya mwera ija, May mpaka August, pachikani chikwama pa mbedza ya pansi pa tripod chikhudzeko mchenga kuti chisamalendewere. Lamba wa kamera mukulungeni, mphepo ikamuomba amagwedeza chilichonse.

Sankhani zoom, tcherani njanji pa nambala yake, kenako matani kaselotepi pa ring'i ya zoom. Izi musazipeputse, malenzi ena otha amatsetsereka okha ndipo chala chimatha kukhudza osadziwa, chithunzi chachinayi nkukhala 37mm pomwe zinazo ndi 35mm. Zonse zikhale manual, shutter, aperture, ISO, focus, white balance. Yezani kuwala cha pamene pali powala kwambiri kufupi ndi dzuwa kuti thambo lisapse, jambulani RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yaona, mithunzi mudzaidzutsa pambuyo pa kompyuta. Zimitsani stabilizer, ija yoletsa chithunzi kugwedera, kaya yanu imatchedwa IS, VR kapena OSS. Chotsani polarizer, fyuluta ija ya kutsogolo kwa lenzi yochepetsa kunyezimira, pa panorama imapangitsa thambo kukhala la mawangamawanga, pena bii pena mbee.

Chithunzi chilichonse chilowerere pa chinzake pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ngati pozungulira panu pali manambala a madigiri zimaphweka. Pa kamera ya full frame (ya sensa yaikulu) itaima choongoka, 24mm imaona pafupifupi madigiri 53 chopingasa ndiye muzitembenuza 35 pa chithunzi chilichonse, 35mm imaona 38 muzitembenuza 25, 50mm imaona 27 muzitembenuza 18 kapena 20, 70mm imaona pafupifupi 19 ndiye 12 kapena 13. Pa kamera ya crop (ya sensa yaing'ono) ndi 18mm, tembenuzani 30. Ngati manambala palibe, ingoyang'anani chinthu chimene chili cha kumphepete kwa sikirini kumanja, mutembenuze mpaka chifike chakumanzere koma chikuonekabe bwino. Yambani kutali pang'ono ndi pomwe mukufuna kuyambira ndipo mumalize mopitirira, podula mudzathokoza. Ndisanayambe ndimajambula dzanja langa, ndikamaliza ndimajambulanso dzanja, kuti pa kompyuta ndidziwe pomwe gulu layambira ndi pomwe lathera. Gwiritsani timer ya masekondi awiri kapena rimoti.

Njanji siimitsa mafunde, izi ndinene poyera. Bwato loyenda, mwana wothamanga, mayi wosenza beseni la usipa, onsewa akagwera polumikizira adzadukabe. Chimene ndimachita ndi kudikira bwato lilowe pakati pa chithunzi chimodzi ndiye ndiwombe, ndipo malo a piringupiringu ndimawajambula kawiri kapena katatu osasuntha kamera kuti ndidzasankhe. Mafunde akakhala aakulu fulumirani, kapena gwiritsani shutter yochedwa kuti madzi asalale.

Komanso pemphani kaye kwa eni dooko. Tsiku lina ndikulimbana ndi kadontho ka levulo, bambo wina wachikulire akusoka ukonde anandiyang'ana nthawi yaitali kenako akuti, "Achimwene, mukupima malo athuwa kuti mugulitse kwa ndani?" Ndinaseka, ndikuti, "Iyayi bambo, ndikungojambula nyanja, bwerani mudzaone." Ataona pa sikirini anayamba okha kuuza anyamata kuti asadutse kutsogolo. Tripod yokhala ndi njanji ndi manambala imafananadi ndi zida za opima malo, ndiye moni ndi kufotokoza pang'ono zimakuchotserani mavuto.

Dziwaninso malire a chidachi. Nodal slide yokha ndi ya mzere umodzi, kamera ili pa levulo. Mukaweramitsa kapena kudzutsa kamera ndi mpira kuti mutenge nsonga ya mlambe, kadiso kachoka pamalo pake kapena pozungulira papendekeka. Za mizere iwiri kapena itatu zimafuna mutu wa panorama wathunthu wokhala ndi mkono woimirira, ndi nkhani ina ndi ndalama zina. Mukafuna thambo lambiri ndi njanji yokha, bwererani pa 24mm ndi nambala yake.

Polumikiza pa kompyuta, pulogalamu ya Lightroom ili ndi Photo Merge, PTGui ndi yogula koma ndi yamphamvu pa zithunzi zovuta, Hugin ndi yaulere ngakhale poyamba imasokoneza mutu. Pa nyanja sankhani kalumikizidwe ka cylindrical, ndipo ngati pulogalamu ikulephera kulumikiza zithunzi zimene muli madzi ndi thambo zokhazokha, ndi chifukwa choti ilibe pogwira, ulendo wina muonetsetse kuti chithunzi chilichonse muli kanthu kolimba, bwato lokocheza, mwala kapena mzere wa phiri. Zikalumikizana kulitsani kufika 100% muyang'ane zinthu zapafupi polumikizira, zingwe za mabwato, mitengo ya thandala, mmphepete mwa bwato. Mukapeza pothyoka pa zinthu zosayenda, onani zoom imene yalembedwa mu fayilo ngati ikufanana pa zithunzi zonse, ikafanana ndiye bwererani pa ndowa ndi ndodo ya mopu muyezenso nambala ya zoom imeneyo.

Mukafika kunyumba masulani njanji ndi kilampu muzipukute ndi kaburashi kouma, mswachi wakale umagwira. Musathire mafuta, mchenga umamatirira pomwepo ndipo kilampu imayamba kulira khwekhwe osagwiranso pleti bwino.